Kuwala kumakankha: nkhani ya Poynting wa ku Birmingham ndi tinthu tosaoneka ndi maso

Lero ndabwera ndi sayansi, ndiye musathawe msanga.

Chomwe chandilembetsa ndi mkangano wa m'nyumba mwanga muno mu Nechells. Mwana wathu wamkazi watsala pang'ono kusankha zokaphunzira ku yunivesite ndipo akuti akufuna fizikisi. Mayi ake anangoti, "Fizikisiyo amadya? Bwanji unamwino, ntchito yake yosasowa?" Ine ndinakhala pakati ngati mtengo wa m'malire, pakuti kumudzi ndinkaphunzitsa sayansi kusekondale ndisanabwere kudzanyamula makatoni usiku kufupi ndi Spaghetti Junction. Tsiku lina mwanayo anatulutsa kapulasitiki kakale koyezera Covid nkundifunsa kuti, "Adadi, mzere uwu ndi wofiira chifukwa chiyani, poti akuti muli golide?" Mphunzitsi ndinaluma chala. Ndakhala ndikuwerenga miyezi ingapo pobwera ku shifiti, ndipo zomwe ndapeza ndaziika pano kuti makolo ena amene mwana angawafunse zoterezi akhale ndi poyambira.

Muyeso wake

Tinthu tomwe tikukamba timayezedwa m'mananomita. Tengani milimita imodzi ya pa rula muigawe magawo miliyoni imodzi, gawo limodzilo ndiye nanomita. Tsitsi limodzi ndi lonenepa mananomita pafupifupi 80,000. Selo lofiira la m'magazi ndi cha m'ma 7,000 kapena 8,000. Kachilombo ka Covid ndi cha m'ma 100. Chikhadabo chanu chimakula pafupifupi nanomita imodzi pa sekondi iliyonse.

Kuwala nako kuli ndi muyeso wake chifukwa kumayenda ngati mafunde. Kuchokera pamsonga pa funde limodzi kufika pa linzake, kuwala kooneka ndi maso ndi pakati pa mananomita 400 ndi 700: kwa buluu ndi kwa mafunde aafupi, kofiira ndi kwa aatali, kwa girini kuli pakati. Nkhani yonseyi yagona pa kufananiza kukula kwa chinthu ndi kutalika kwa funde. Chitsanzo chili m'khitchini mwanu. Chitseko cha microwave chili ndi sefa wa timabowo. Mafunde otenthetsa chakudya ndi aatali masentimita pafupifupi 12, ndiye timabowoto sangadutsepo, pomwe kuwala kwa babu la mkatimo kumadutsa bwinobwino, nchifukwa chake mumaiona nsima yanu ya dzulo ikuzungulira.

Bambo wa ku Edmund Street

Zoti kuwala kumakankha zinthu anthu anaziganizira kalekale. M'chaka cha 1619 Johannes Kepler anaona kuti mchira wa nyenyezi ya mchira nthawi zonse umaloza kothawa dzuwa, ndipo anati mwina kuwala kwa dzuwa ndi komwe kumauuluza. James Clerk Maxwell analemba masamu ake m'buku lake la 1873. Kuyeza kwenikweni kunatheka cha m'ma 1900 ndi 1901, pamene Pyotr Lebedev ku Moscow, komanso Ernest Nichols ndi Gordon Hull ku America, anaonetsa kuti kukankhako kulipodi.

Koma amene anaigwira nkhaniyi ndi manja awiri ndi munthu wa mu mzinda wathu uno, John Henry Poynting. Anabadwa mu 1852 ku Monton kufupi ndi Manchester, anaphunzira ku Cambridge komwe anagwirako ntchito pansi pa Maxwell, ndipo mu 1880 anabwera ku Birmingham kudzakhala pulofesa wa fizikisi pa Mason College. Kolejiyi inali mu Edmund Street m'tauni, inamangidwa ndi ndalama za Josiah Mason yemwe analemera ndi kupanga timisonga ta zolembera, ndipo ndi yomwe inasanduka University of Birmingham mu 1900. Nyumba yake anaigwetsa m'ma 1960. Poynting anakhala kuno mpaka imfa yake mu 1914.

Mu 1884 iye anapeza lamulo losonyeza komwe mphamvu ya kuwala ndi ya magetsi ikulowera ndi kuchuluka kwake. Mpaka lero wophunzira fizikisi aliyense, kaya ku Zomba kaya ku Tokyo, amaloweza chomwe amachitcha Poynting vector. Ine ndinachiloweza ndili mnyamata osadziwa kuti tsiku lina ndidzakwera basi m'misewu yomwe mwini dzinalo ankayendamo. Ambiri timaganiza kuti dzinalo likuchokera ku mawu achingerezi otanthauza kuloza, koma zinangochitika mwamwayi.

Kodi kukankhako nkwakukulu bwanji? Nkochepa zedi. Mutayala kalilole pabwalo lonse la mpira la Villa Park, nkubweretsa dzuwa la masana la ku Nsanje, kuwala kungakankhe bwalo lonselo ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa magalamu pafupifupi 5, ngati kandalama ka 20p. Basi. Nchifukwa chake palibe anagwapo chifukwa choti wina wamuunika ndi tochi.

Apa ndi pomwe Poynting anaona chinthu chofunika, m'pepala lake la 1903 lokamba za kuwala kwa dzuwa ndi tinthu ting'onoting'ono ta m'mlengalenga. Kukankha kwa kuwala kumatsata kukula kwa mbali yomwe yawalidwa, pomwe kulemera kumatsata thupi lonse. Mukachepetsa mwala kakhumi, mbali yowalidwa imachepa ka 100 koma kulemera kumachepa ka 1,000. Pitirizani kuchepetsa, mudzafika poti kuwala kwaposa kulemera. Amayi opeta amazidziwa izi: mphepo yomweyo imauluza gaga nkusiya mphale m'lichero. Kalaser ka mphamvu ya miliwati imodzi, kuwala kwake konse katathira pa kamkanda kagalasi ka mananomita 1,000, kangakankhe ndi mphamvu yoposa kulemera kwa kamkandako maulendo mazana angapo.

M'pepala lomwelo anaonetsanso kuti fumbi lozungulira dzuwa limabwezedwa m'mbuyo pang'onopang'ono ndi kuwala, mpaka limagwera m'dzuwa. Zili ngati wa kabaza pamvula: mvula ikugwa choongoka koma poti iye akuthamanga, madontho amamumenya kumaso nkumamuchedwetsa. Howard Robertson anadzakonza masamu ake mu 1937, ndipo pano mayina a awiriwa amatchulidwa limodzi. Poynting ndi womuthandiza wake Guy Barlow anachitanso zoyesera zawo kuno, akupachika timagalasi ndi timbale topepuka pa ulusi wowonda kwambiri m'mabotolo opopedwa mpweya, nkumaona mmene kuwala kukuzipotolera. Mu 1909 iye ananena kuti kuwala kwa mtundu wina kungazungulitse chinthu ngati mmene dzanja limapotolera chitsekerero cha botolo, zomwe Richard Beth anadzatsimikiza ku America mu 1936. Mu 1910 anatulutsa kabuku kotchedwa The Pressure of Light.

Ndichenjezeko pang'ono. Kuli kachidole kagalasi konga babu, mkati muli timapiko tinayi takuda mbali imodzi, tomwe timazungulira mukakaika padzuwa. Ambiri amati ndi umboni wa kukankha kwa kuwala, inenso ndinawanamizapo ana a Fomu 3 choncho. Si zoona. Chomwe chimazungulitsa ndi kampweya kotsalira mkatimo kakatenthedwa, ndipo timapikoto timazungulira mbali yosemphana ndi komwe kuwala kukanatikankhira.

Ndowa ya madzi pamutu

Tsopano tifike pa mawu ovuta aja, multipole resonance. Ine ndinawamvetsa nditakumbukira alongo anga akuchokera ku mjigo.

Munthu akasenza ndowa yodzadza, madzi amayamba kuthamangira kutsogolo ndi kumbuyo. Ndowa iliyonse ili ndi liwiro lake lomwe madzi ake amakonda kugwedezekera. Mayendedwe anu akagwirizana ndi liwiro limenelo, kugwedezeka kumakula sitepe iliyonse mpaka madzi akutayikirani kumsana. Kugwirizana kumeneko ndiye resonance. Nchimodzimodzi katungwe: mukakankha pa nthawi yake, mwana amapita m'mwamba ndi mphamvu yochepa chabe. Mukasintha ndowa, yaikulu kapena yaing'ono, liwiro lija limasinthanso.

M'kachidutswa ka golide kapena ka silicon, madzi ake ndi ma elekitironi, ndipo chogwedeza ndi funde la kuwala. Magwedezeke ake alipo a mitundu ingapo. Wosavuta ndi uja madzi onse amapita mbali imodzi kenako nkubwerera mbali inayo: uyu amamutcha electric dipole. Wachiwiri ndi wozungulira, monga mukamatakasa thobwa ndi mthiko, kungoti kuzungulirako kumasinthasintha, kumanja kenako kumanzere. Magetsi akamazungulira amabala maginito, choncho uyu amamutcha magnetic dipole. Wachitatu, mbali ziwiri zoyang'anizana zimakwera pomwe ziwiri zinazo zikutsika, kenako nkusinthana: nsonga zinayi, dzina lake quadrupole. Kulinso octupole wa nsonga zisanu ndi zitatu, ndi ena otsatira. Onsewa pamodzi ndiwo ma multipole. Oimba ng'oma amadziwa kuti chikopa chimodzi chimalira mosiyana mukamenya pakati ndi m'mphepete; ndi nkhani yomweyo ya chinthu chimodzi chokhala ndi magwedezeke angapo.

Amene analemba masamu onse a izi pa kampira kakang'ono ndi Gustav Mie wa ku Germany mu 1908, ndipo chomwe chinamutuma ndi funso la mwana wanga lomwe lija: bwanji madzi okhala ndi tizidutswa ta golide amaoneka ofiira? Michael Faraday anali atapanga kale madzi oterewa ku London m'ma 1850. Yankho ndi ili. Kampira ka golide ka mananomita 40 ndi ndowa yomwe liwiro lake limagwirizana ndi kuwala kwa girini, kwa mananomita pafupifupi 525. Kuwala kumeneko kamakumeza, ndiye chotsala chofika m'maso mwanu ndi chofiira. Mukakulitsa kampirako mtundu umapendekera ku pepo, ndipo kakakula ndithu quadrupole naye amayamba kuonekera. Golide yemweyo amene ali wachikasu m'masitolo a ku Jewellery Quarter.

Aroma ankazichita osadziwa chifukwa chake. Ku British Museum kuli chikho chagalasi cha zaka za m'ma 300, Lycurgus Cup, chomwe chimaoneka cha girini mukachiunikira kutsogolo koma chofiira mukaika nyali kumbuyo kwake. M'galasi lake muli tizidutswa ta siliva wosakaniza ndi golide. Kulowa m'nyumbayi ndi ulere, mukapita ku London kukakonzetsa pasipoti mukhoza kupatukirako.

Thambo nalo ndi umboni. Timamolekyu ta mpweya ndi tating'ono kwambiri poyerekeza ndi funde la kuwala, ndiye timangotha dipole yekha, ndipo dipole wotere amamwaza kuwala kwa buluu koposa kofiira. Madontho a m'mitambo ndi aakulu, ma multipole ambirimbiri amalira nthawi imodzi, mitundu yonse imamwazidwa mofanana, mtambo nkuyera. Kuno ku Mangalande timaphunzira kwambiri mbali yachiwiriyi.

Pa nkhani ya resonance, Birmingham ili ndi mbiri inanso. Mu February 1940, John Randall ndi Harry Boot, m'dipatimenti ya fizikisi yomwe Poynting anasiya, anaboola mabowo asanu ndi limodzi m'chibuma cha kopa nkupanga cavity magnetron. Bowo lililonse limalira pa liwiro lake ngati mukamauzira pakamwa pa botolo la Fanta. Chinathandiza radar pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mdzukulu wake ndi amene ali mu microwave muja.

Chopanira cha kuwala

Poynting analibe laser, yomwe inabwera mu 1960. Amene anaigwiritsa ntchito pokankha tinthu ndi Arthur Ashkin wa ku Bell Labs ku America. Mu 1970 anaunikira timikanda tating'ono tili m'madzi, ndipo tinayenda kutsata kuwala monga ankayembekezera. Chodabwitsa chinali chakuti timikandato tinkakokedweranso pakati pa mtsinje wa kuwalawo, pomwe pawala kwambiri. Choncho mphamvu zilipo ziwiri, ina yokankha kutsogolo, ina yokokera powala kwambiri. Mu 1986 iye ndi anzake anapanikiza laser ndi lenzi ya maikulosikopu mpaka kadontho kamodzi, mphamvu yokoka nkuposa yokankha, kamkanda nkuima chilili pamenepo. Akasuntha kadontho, nako kamatsatira. Azungu amachitcha optical tweezers, ine ndingoti chopanira cha kuwala.

Chaka chotsatira anagwira nacho mabakiteriya amoyo komanso kachilombo ka matenda a fodya kotchedwa tobacco mosaic virus, komwe alimi a ku Kasungu ndi ku Dowa amadziwa ntchito zake pa masamba. Poyamba laser ya girini inkapha mabakiteriyawo, ndiye anasintha nkugwiritsa ya infrared. Ashkin analandira mphoto ya Nobel mu 2018 ali ndi zaka 96, nkumwalira mu 2020. Mnzake Steven Chu, yemwe anatengera nzeruyi ku maatomu, anali atalandira kale yake mu 1997.

Apa pali zotikhudza ife. Cha m'ma 2004 ndi 2005, gulu la Subra Suresh wa ku MIT pamodzi ndi anzawo a ku Singapore linamata timikanda tiwiri mbali ziwiri za selo lofiira la m'magazi nkumalikoka ndi kuwala. Selo labwino limanyumphuka ngati legeni, nchifukwa chake limatha kudutsa m'timitsempha topapatiza kuposa ilo lomwe. Selo lomwe mwalowa kachilombo ka malungo a falciparum, omwe ndi ofala kwathu, linapezeka kuti limauma mpaka kakhumi kachilomboko kakakhwima. Selo louma chotero, lomwenso limamatirira m'mbali mwa mitsempha, limatseka njira ya magazi, ndipo ichi ndi china mwa zomwe zimachititsa kuti malungo a muubongo akhale oopsa chonchija. Nditamuwerengera mayi a kunyumba ndimeyi anakhala chete, pakuti mng'ono wawo anapita ndi malungo omwewo ali ndi zaka zisanu.

Pomwe ma multipole amasintha mphamvu

Lamulo lake ndi la mfuti ya gogodela: chipolopolo chikapita kutsogolo, phewa limakankhidwa kumbuyo. Kuwala kukagunda kanthu nkubwerera komwe kwachokera, kanthuko kamakankhidwa kwambiri. Kukamezedwa, kamakankhidwa theka la pamenepo. Kukangopitirira kutsogolo, kukankha kumachepa. Ndiye amene angalamulire komwe kanthu kakutayira kuwala, walamuliranso komwe kanthuko kapite.

Dipole mmodzi payekha amataya kuwala mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Koma mukakhala ndi awiri, wa magetsi ndi wa maginito, ofanana mphamvu ndipo akugwedezeka limodzi, mafunde awo amafafanizana kumbuyo nkuphatikizana kutsogolo. Milton Kerker ndi anzake analemba izi mu 1983, koma panthawiyo zinali za papepala chabe, chifukwa zinthu zachilengedwe sizimva maginito a kuwala kooneka. Mu 2012 magulu a akatswiri anaonetsa kuti timipira ta silicon ta mananomita pakati pa 100 ndi 200 tili naye magnetic dipole wamphamvu, ngakhale silicon si maginito. Chinsinsi ndi chakuti kuwala kukalowa mu silicon funde lake limafupika pafupifupi kanayi. Funde lofupikalo likakwanira ndendende m'mimba mwa kampirako, magetsi amayamba kuzungulira ngati thobwa lija. Kampira ka mananomita 150 kamatero ndi kuwala kwa cha m'ma 600. Pofika 2013 anthu anali ataona ndi zida zawo kuwala kooneka kukutayidwa kutsogolo kokha.

Zikatero pamatuluka zinthu zomwe poyamba zimamveka ngati matsenga. Mu 2011 akatswiri anayi, Jun Chen, Jack Ng, Zhifang Lin ndi C. T. Chan, anawerengetsa kuti kuwala kungathe kukoka kanthu kubwerera komwe kukuchokera. Taganizani kuwala kobwera chopendekeka kuchokera m'mbali ziwiri, liwiro lake lolunjika kutsogolo ndi lochepa. Ma multipole a kanthuko akakutenga nkukuponya choongoka kutsogolo, ndiye kuti kanthuko kaponya kutsogolo zoposa zomwe kanalandira, ndipo kayenera kubwerera m'mbuyo, monga munthu woima m'bwato akamaponya miyala kutsogolo bwato limabwerera. Mu 2013 gulu la Pavel Zemánek ku Brno, mothandizana ndi St Andrews ku Scotland, linazionetsa ndi timikanda ta m'madzi. Nyuzipepala zinachita phokoso kuti posachedwa tizikoka ndege ndi kuwala. Ayi ndithu, zinasuntha ndi timikanda tosaoneka ndi maso, mtunda wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi.

Phindu lenileni, mmene ndikuonera ine, lili pa kusankhula. Poti resonance imatsata kukula kwa kanthu, timipira tiwiri tosiyana mananomita ochepa chabe timakankhidwa mosiyana ndi laser yomweyo, ndipo mutha kutilekanitsa ngati kupeta, popanda sefa wokhudza. Kulinso vuto lomwe silinathe. Kanthu kakachepa kwambiri mphamvu yokagwira imagwa msanga, pomwe mamolekyu a madzi akukamenya mbali zonse. Mukawonjezera laser, golide amatentha mpaka kuwiritsa madzi omuzungulira. Nchifukwa chake ambiri atembenukira ku silicon, yemwe satentha kwambiri ndi kuwala kwa infrared. Ena anachotseratu madzi ndi mpweya: ku Purdue ku America anayandamitsa kanthu kagalasi m'kuwala nkukazungulitsa maulendo 300 biliyoni pa mphindi imodzi, zomwe zinalengezedwa mu 2020. Ndi kupotola komwe Poynting ananena mu 1909 kuja.

Zomwe zachitika kuno m'zaka zapitazi

Ntchitoyi sinafe ndi Poynting. Mu 2015 gulu la Shuang Zhang, yemwe panthawiyo anali ku University of Birmingham, linayala timitengo ta golide tating'onoting'ono pa mbale, kamtengo kalikonse kotembenuzidwa mwa njira yake, nkutulutsa chithunzi cha nkhope ya Einstein ndi magawo 80 pa 100 a kuwala komwe kunagwapo. Nzeru yotereyi ndi yomwe ikubala malenzi aphwatalala, opyapyala kuposa pepala. Mu 2022 gulu la Michael Holynski ndi Kai Bongs linalengeza m'magazini ya Nature kuti lapeza ngalande ya pansi pa msewu pa yunivesiteyo popanda kukumba, pogwiritsa maatomu a rubidium oziziritsidwa ndi kukankha kwa laser, omwe amamva kusintha kochepetsetsa kwa mphamvu yokokera pansi. Ndikamva zimenezi ndimaganiza za mijigo youma yomwe inakumbidwa mongoganizira kwathu kuja, ngakhale chidachi chikadali kutali ndi kufika kumudzi. Mu November 2024 Benjamin Yuen ndi Angela Demetriadou anatulutsa masamu osonyeza maonekedwe a kachidutswa kamodzi ka kuwala, photon, kotuluka pafupi ndi kampira ka silicon, ndipo chithunzi chake chonga ndimu chinazungulira pa intaneti.

Kufupi kwambiri ndi ife, ulendo wa pansi kuchokera ku Nechells, kuli Aston University komwe kuli Aston Institute of Photonic Technologies, odziwika pa nkhani ya kuwala koyenda m'timaulusi tagalasi. Foni ya WhatsApp yomwe mumaimbira agogo kumudzi, mbali yaikulu ya ulendo wake imadutsa m'timaulusi totere pansi pa nyanja.

Mzere wofiira uja, ndi machenjezo atatu

Kapulasitiki ka Covid ndi koyezera malungo komwe zipatala za kwathu zinayamba kugwiritsa ntchito m'dziko lonse mu 2011 nzapachibale. Mkati muli timipira ta golide tomatidwa ku zinthu zomwe zimagwira puloteni ya kachilomboko. Magazi kapena mamina akamayenda m'kapepala, timipirato timanyamulidwa, ndipo ngati puloteniyo ilipo timakodwa pa mzere umodzi mamiliyoni ambiri mpaka diso liona kufiira. Mzere wa C umangosonyeza kuti madzi ayenda bwino. Ukapanda kutuluka, zotsatira zonse nzotaya.

Loyamba: mukabwera ku holide kumudzi nkumva thupi kutentha, ngakhale patapita miyezi, mpaka chaka, uzani a dokotala tsiku lomwelo kuti munali ku Malawi. Kuno saganizira malungo mukapanda kunena, ndipo chitetezo chomwe tinali nacho tili kumudzi chimatha tikakhalitsa kunja. Ana obadwira kuno alibiretu.

Lachiwiri: mawu oti nano asanduka nyambo ya amalonda. M'magulu athu a pa foni mumadutsa mabotolo a madzi a siliva, zibangili ndi timiyala tovala m'khosi, akuti zimachiza shuga ndi BP. Zoti m'botolomo muli tizidutswa ta siliva zikhoza kukhala zoona, koma kuchiza ndi nkhani ina, ndipo kumwa siliva nthawi yaitali kumasandutsa khungu kukhala lotuwa mobiriwira osabwereranso. Musasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha zimenezi.

Lachitatu ndi timalaser togula pa intaneti. Kukankha kwake sikungasunthe ndi nyerere yomwe, koma kutentha kwake, diso likakusonkhanitsa pa kadontho kamodzi, kumaotcha mkati mwa diso. Tambiri timakhala tamphamvu kuposa zolembedwa pa chikuto. Ndiponso kuyambira 2018 lamulo la dziko lino limalola kumanga munthu mpaka zaka 5 akaunikira laser ndege, sitima kapena galimoto nkusokoneza woyendetsa. Ndege zotera ku Birmingham Airport ana amazionera pawindo.

Za mwana wathu, mkangano sunathe. Mayi ake akuti akufuna kuona kaye anthu omwe anaphunzira zimenezi akulandira zingati, ndipo sindingawatsutse, iwo ndi amene amagwira mashifiti awiri kuti lendi ilipidwe. Tagwirizana kuti tonse atatu tipite pa tsiku lomwe yunivesite imatsegulira alendo, tikafunse za ntchito komanso ngati mapepala athu akumulola kulipira fizi ya ana a kuno, chinthu chomwe ndikulangiza kholo lililonse kufufuza mwana asanalembe fomu. Ulendo wake ndi wosavuta. Mukakwera sitima pa Duddeston kapena pa Aston yolowera kumwera, imadutsa New Street ndi Five Ways nkukutsitsani pa University. Mukatuluka yang'anani nsanja yaitali ya wotchi yomwe amaitcha Old Joe, ndipo chapafupi pomwepo, pakati pa nyumba za njerwa zofiira, funsani Poynting Building.